Zach Edey, chimphona cha ku Purdue: chinasintha n'chiyani, nanga ku NBA afika pati?

Funso: Zaka zingapo tsopano ndakhala ndikutsatira basketball ya m'makoleji a ku America, nthawi zina kuonera pa foni mpaka tambala woyamba. Zach Edey wa ku Purdue ndinamuona akuyamba, ali mnyamata wongolowa mphindi zochepa n'kubwerera pa benchi, koma pochoka anali atatenga kawiri motsatizana mphoto ya wosewera wopambana onse m'makoleji. Chinasintha n'chiyani pa iyeyu? Nanga ngati anali wotero, bwanji anthu ankalimbikira kunena kuti ku NBA sakaphula kanthu, mpaka anzake 8 anasankhidwa iye ali chikhalire? Tsogolo lake kumeneko mukuliona bwanji? Ndine wowerenga wanu wa ku Zomba.

Yankho: Achimwene, mundilole ndiyambe ndi kukutsutsani pang'ono. Kutchulidwa pa nambala 9 pa draft ya NBA, mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu amasinthana kusankha osewera atsopano, si kunyozedwa ayi. Mu 2023 Edey yemweyu anapereka dzina lake, anapita kukayesedwa, anamva zimene matimu ankanena za iye, kenako n'kulibweza dzinalo. Nthawi imeneyo ambiri ankamuika m'chigawo chachiwiri cha draft, kumene munthu amatha kusankhidwa koma kontrakiti yotsimikizika osaiona. Patangotha chaka, Memphis Grizzlies inamutenga pakati pa 10 oyambirira. Chodabwitsa chenicheni n'chimenecho. Ndipo kuti muchimvetse, musathamangire kuwerenga mapointi ake. Muyambe mwawerenga mphindi zimene ankakhala m'bwalo.

Mnyamatayu anabadwira ku Toronto, ku Canada, mu May 2002. Ali mwana ankasewera hockey ya pa ayezi ndi baseball, basketball osaifuna, ngakhale aliyense womuona kutalika ankamuuza zomwezomwezo. Anaiyamba ali ndi zaka 15. Kwa ana a ku America, amene amayamba kudunditsa mpira asanadziwe kulemba dzina lawo, kumeneko n'kuchedwa kwambiri. Anamalizira sukulu ku IMG Academy ku Florida, ndipo pa mndandanda wa anyamata olowa koleji mu 2020 dzina lake linali kuseri kwa nambala 400. Amene anamuona ndi diso lina ndi Matt Painter, kochi wa Purdue, sukulu ya ku West Lafayette m'chigawo cha Indiana. Painter ndi munthu wozolowera zimphona. A.J. Hammons, Isaac Haas ndi Matt Haarms onse anadutsa m'manja mwake, moti timu yake inali kale ndi kaseweredwe kodziwa kudyetsa mpira munthu wamtali. Mnyamata wa mamita 2.24 akanapita ku sukulu yokonda kuthamanga ndi kuponya patali, mwina bwenzi lero tisakumutchula n'komwe.

Tsopano onani manambala. Chaka choyamba, 2020-21, ankalowa mphindi pafupifupi 15 pa masewera a mphindi 40, n'kumapeza mapointi 8.7 ndi maribaundi (mipira yotola woponya akaphonya) 4.4. Chaka chachiwiri mphindi 19, mapointi 14.4, maribaundi 7.7. Chachitatu mphindi pafupifupi 32, mapointi 22.3, maribaundi 12.9. Chomaliza mphindi 32, mapointi 25.2, maribaundi 12.2, ndipo m'makoleji onse akuluakulu panalibe womuposa kugoletsa. Munthu akangoona 14 yasanduka 25 amati basi, mwanayu waphunzira kugoletsa. Koma tatengani cholembera. Mapointi 14.4 pa mphindi 19, mukawatambasula kufika pa mphindi 32, akukwana 24 ndi kanthu. Ndiye kuti mmene ankagoletsera mu 2022 ndi mmene ankagoletsera mu 2024, pa mphindi iliyonse, kusiyana kwake n'kochepa zedi. Manja anali nawo kale. Chimene chinkasowa ndi mphamvu yokhalitsa m'bwalo.

Musachipeputse chimenechi, chifukwa kwa munthu wa msinkhu wotere ndiye nkhondo yonse. Thupi la makilogalamu pafupifupi 135 liyenera kuthamanga mamita 28 kupita, mamita 28 kubwerera, kambirimbiri, ndipo likafika mbali iliyonse likupeza munthu woti likankhane naye. Chimphona chikatopa sichiyamba ndi kuima. Chimayamba ndi kuchedwa sitepe imodzi, ndipo kuchedwa sitepe imodzi kumabala faulo, poti pamene mapazi alephera kufika, dzanja limatambasuka lokha. Ku koleji mafaulo 5 watuluka, ndipo makochi ambiri munthu akachita awiri m'chigawo choyamba amamukhazika pansi mpaka nthawi yopuma. Kunena chilungamo, panalinso chifukwa china chimene Edey ankakhalira pa benchi zaka ziwiri zoyambazo: Trevion Williams, senta (wamtali wosewera pafupi ndi ring'i) wina waluso, wodziwa kupatsira, amene ankagawana naye mphindi. Williams atachoka mu 2022 malo anatseguka. Koma malo kutseguka n'kwina, kuwadzaza n'kwinanso. Kugoletsa kwa mphindi 19, uli ndi mpweya wako wonse, nthawi zina motsutsana ndi osewera a pa benchi, sikufanana ndi kugoletsa kwa mphindi 32 timu yonse ya adani itakonzekera iwe wekha sabata yathunthu, anthu awiri atakukakamira nthawi iliyonse mpira ukakufika.

Pa mafaulo anachita chinthu chimene anyamata ataliatali ambiri amachikana: anasiya kudumpha mwachisawawa. Mikono yake akaitambasula imakwana mamita 2.40, ndipo ataimirira chilili n'kukweza dzanja, zala zimatsala pang'ono kukhudza ring'i imene ili mamita 3.05 kuchokera pansi. Munthu wotere safunika kuuluka kuti atchinge. Angoima njo, manja m'mwamba, chifuwa kutsogolo, wobwerayo adzionera yekha. Faulo imabwera dzanja likatsika kufuna kumenya mpira. Zaka ziwiri zomalizazo, ngakhale mphindi zake zinakwera chotero, mafaulo ake ankazungulira pa awiri pa masewera. Mbali inayo anali iye wotolera mafaulo kwa anzake. Chaka chomaliza anaponya ma free throw, mipira imene wochitiridwa faulo amaponya popanda womutchinga, opitirira 400, ndipo mwa 10 aliwonse ankalowetsa 7. Apa mpamene matimu anasowera pogwira. Chimphona chosadziwa free throw mankhwala ake ndi osavuta, umangochimenya dzanja chikafuna kugoletsa. Kwa Edey mankhwala amenewo ankapweteka wowapereka.

Mukapezanso vidiyo ya masewera ake a 2024, musatsate mpira. Muyang'ane iyeyo mpira usanafike. Akuthamanga molunjika pakati pa bwalo, osati m'mbali. Akafika pafupi ndi ring'i akutembenuka, akumuika mdani kumsana, akutsitsa chiuno, miyendo tang'a, ndipo wotchingayo ngakhale akankhe bwanji akungokhala ngati akukankha mtengo wa mlambe. Dzanja limodzi lili m'mwamba kusonyeza mnzake poponyera. Mpira ukafika akuugwira ndi manja onse n'kuusunga pamwamba pa chibwano, osautsitsa ku mimba kumene aafupi amaukwatulira. Kenako kadunde kamodzi, phewa lakumanzere likulowa pachifuwa pa mdani, dzanja lamanja likukwera ndi hook yake ija. Ntchito yambiri yatha mpira usanamukhudze. Zimenezi ankazibwereza tsiku ndi tsiku ndi Brandon Brantley, wothandizira kochi amene amasula osewera ataliatali ku Purdue. Si luso lokoma m'maso, ndiye chifukwa chake ambiri ankati mnyamatayu n'kutalika basi. Aiwala kuti aatali chotero analipo ambiri m'makoleji, ndipo mayina awo sitiwakumbuka.

Pano ndipatuke pang'ono, poti zimandipweteka. Ndinaphunzitsapo mnyamata wina wa ku sekondale amene ankaposa anzake onse ndi mutu wathunthu. Kumene anachokera anangomuuza kuti iwe uziima pansi pa ring'i, mpira ukabwera uziponya. Zaka zitatu akusewera, sankadziwa kuti phazi lake lozungulirapo ndi liti, ndipo mpira uliwonse akaugwira ankayamba wautsitsa ku mawondo ngati akutola nkhuni. Tinatha miyezi iwiri tikuchita chinthu chimodzi: gwira, sunga pachibwano, zungulira. Anatopa nane, ine ndinatopa naye. Mwana wamtali timamulakwira pomuona ngati wamaliza kale, chonsecho ndi amene amachedwa kukhwima kuposa onse.

Tibwerere ku Purdue. Pa 17 March 2023 kunachitika chinthu chimene ndimati ndicho chinamupanga Edey amene Memphis inadzamutenga. Purdue inalowa mpikisano waukulu wa makoleji, wa NCAA, ili pa nambala 1 m'chigawo chake, ndipo inakumana ndi Fairleigh Dickinson, ya pa nambala 16, timu imene inali yaifupi kuposa ina iliyonse mu Division I, gulu la makoleji akuluakulu, chaka chimenecho. Purdue inagonja 63-58. M'mbiri yonse ya mpikisanowo kanali kachiwiri kokha kuti nambala 16 igwetse nambala 1, koyamba kanali ka UMBC pa Virginia mu 2018. Edey sanasewere moipa, anapeza mapointi 21 ndi maribaundi 15. Koma anyamata a Tobin Anderson, kochi wa Fairleigh Dickinson, anamuunjikira, wina kutsogolo wina kumbuyo, n'kuwasiya ena onse a Purdue ali okhaokha panja kuti aponye ngati angathe. Anaponya za mapointi atatu 26, zinalowa 5. Mphindi zomaliza mpira sunkamufikanso. Ndipo mbali inayo tianyamata tothamanga tija tinkamukokera kunja, kutali ndi ring'i, kumene miyendo yake inkaoneka yolemera. Aliyense wa ku NBA amene ankaonera tsiku limenelo analemba zomwezo m'kabuku kake.

Anabwerera ku sukulu. Chilimwe chimenecho anapita ndi timu ya dziko lake ku World Cup ya FIBA, kumene Canada inatenga mendulo ya bronze itagonjetsa United States ku Manila. Sanasewere mphindi zambiri, koma anakhala milungu ingapo akuchita mapulakatisi ndi anthu ngati Shai Gilgeous-Alexander, Dillon Brooks ndi Kelly Olynyk, ndipo munthu amene wayesapo kuima kutsogolo kwa Gilgeous-Alexander amabwerako akudziwa pamene mapazi ake akuperewera. Nyengo ya 2023-24 anaoneka wopepukirapo. Ankatuluka sitepe imodzi kapena ziwiri kukakumana ndi wobwera ndi mpira, n'kubwerera m'malo mwake nthawi isanathe. Akamuunjikira awiri sankalimbana nawo ngati kale, ankautulutsa mpira msanga, n'kusuntha kukagwira malo ena ozama, mpira n'kumubwereranso. Anzakenso anakula: Braden Smith ndi Fletcher Loyer sanalinso ana a chaka choyamba, kunabwera Lance Jones kuchokera ku Southern Illinois, ndipo Purdue inakhala imodzi mwa matimu oponya bwino za mapointi atatu m'dziko lonse. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale mutuwo utakhala pafupi ndi denga chotani.

Zotsatira mukuzidziwa. Anagwetsa Tennessee 72-66, iye yekha mapointi 40 ndi maribaundi 16, Purdue n'kufika mu Final Four, ndime ya matimu anayi omaliza, koyamba chichokere 1980. Podula ukonde wa pa ring'i, monga mwa mwambo wawo, makwerero sanawafune, anangoima pansi n'kudula, kachidutswa kena n'kukapereka kwa Gene Keady, gogo amene anaphunzitsa Purdue zaka zambiri osafikako. Anachoka ku Purdue ali ndi mapointi 2,516, kuposa Rick Mount amene mbiri yake inakhala zaka zopitirira 50, ndipo mphoto ya Naismith, ya wosewera wopambana onse ija, kawiri motsatizana munthu anali asanaitengepo chichokere Ralph Sampson kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980.

Koma fainolo ya pa 8 April 2024, imene Purdue inakumana ndi UConn (University of Connecticut), ndi imene ikuyankha funso lanu lachiwiri. Edey anagoletsa 37 pamaso pa Donovan Clingan, chimphona chinzake cha mamita 2.18, ndipo Purdue inagonjabe 75-60. Dan Hurley, kochi wa UConn, anachita zosemphana ndi za Fairleigh Dickinson. Anati musiyeni adye, koma anzakewo asalawe. Purdue inaponya za mapointi atatu 7 zokha masewera onse, inalowa imodzi. Mapointi awiriawiri a munthu mmodzi, ngakhale achuluke, sakwana kugwetsa timu imene aliyense akugoletsa. Uku UConn inkamuyendetsa Edey uku ndi uku ndi masikirini osatha (kuima ngati khoma kuti mnzako adutsepo), ndipo popeza analowa pafupifupi masewera onse, chigawo chachiwiri mpweya unayamba kuchepa. Ku NBA usiku uliwonse umafanana ndi umenewo.

Anthu ambiri amaganiza kuti NBA ndi koleji yomweyo, kungoti osewera ake ndi abwinopo. Ayi, malamulo enieniwo ndi osiyana, ndipo pafupifupi kusiyana kulikonse kumalanga munthu wolemera. Ku koleji wotchinga akhoza kumanga msasa pansi pa ring'i tsiku lonse. Ku NBA saloledwa kukhala m'kabokosi kaja amati paint kupitirira masekondi atatu ngati sakulonda munthu pafupi. Kabokosiko nakonso n'kotambalala, mamita 4.88 pamene ku koleji ndi 3.66, ndiye wofuna kugwira malo kuti alandire mpira amayambira patali. Mzere wa mapointi atatu uli pa mamita 7.24 kutsogolo kwa ring'i, ku koleji uli pa 6.75, ndipo theka la mita limenelo limatambasula bwalo lonse. Timu ili ndi masekondi 24 kuti iponye, osati 30, choncho nthawi yodikira chimphona chifike, chitembenuke, chigwire malo, palibe. Masewera ndi a mphindi 48, ndipo pa nyengo alipo 82 chikho chisanayambe, pamene Purdue chaka chomaliza cha Edey inasewera 39, kuphatikiza fainolo.

Choopsa kwambiri ndi pick-and-roll. Tiyerekeze kuti Edey akulonda senta wa adani. Sentayo akupita kunja kukaima ngati khoma kuti mnzake wa mpira adutsepo, wolonda wa mpira uja n'kukodwa. Kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, amene watsala pakati pa mwini mpira ndi ring'i ndi Edey. Akasankha kubwerera m'mbuyo kukateteza ring'i, kumene amati drop, wasiya mpata wa mamita atatu kapena anayi. Ku koleji anyamata ambiri mpata umenewo sautha, amaphonya. Ku NBA mukamupatsa Stephen Curry kapena Damian Lillard mpata wotero, mwamupatsa mapointi atatu m'manja. Akasankha kutuluka kukatseka, wamfupi uja akumudutsa ngati mphepo, kumbuyo kulibe munthu. Ndipo nthawi ya playoffs, masewera ochotsana olimbirana chikho, makochi alibe chisoni: akaona pofooka amabwereza sewero lomwelo kasanu, kakhumi, mpaka kochi mnzawo amutulutse munthuyo. Funso la matimu silinali loti kodi Edey angagoletse. Linali loti kodi mapointi amene angabweretse kutsogolo aposa amene angatayitse kumbuyo.

Onjezanipo kuti ntchito imene inamutchukitsa kulibe ku NBA. Palibe timu imene ingamange kaseweredwe kake konse pa kuponyera mwana watsopano mpira pansi pa ring'i maulendo 20. Ngakhale Nikola Jokić ndi Joel Embiid, amene amalandiradi mpira kumeneko, amatero chifukwa amathanso kupatsira ndi kuponya patali. Edey zaka zinayi za ku koleji anagoletsa ya mapointi atatu imodzi yokha. Komanso pa draft anali ndi zaka 22, pamene Zaccharie Risacher ndi Alex Sarr, amene anatengedwa pa nambala 1 ndi 2, anali ndi 19. Matimu amagula zimene akuganiza kuti munthu adzakhala, ndipo wa zaka 19 amawapatsa malo olotera. Clingan yemwe uja, amene Edey anamugoletsa 37, anatengedwa pa nambala 7 ndi Portland chifukwa ndi wamng'ono ndi zaka pafupifupi ziwiri ndipo kutchinga ndiye ntchito yake yoyamba.

Mantha a matimu sanali ongopeka. Luka Garza wa ku Iowa anali wosewera wopambana onse mu 2021, koma anatengedwa pa nambala 52. Oscar Tshiebwe, mwana wa ku Lubumbashi, pafupi ndi malire a Zambia, anatenga mphoto yomweyo mu 2022 ali ku Kentucky, akutola maribaundi 15 pa masewera, ndipo mu 2023 palibe timu imene inamutchula pa draft. Anakalowera khomo la kumbuyo, pa kontrakiti yogawa nthawi pakati pa NBA ndi G League, ligi yake yaing'ono. Drew Timme wa ku Gonzaga chimodzimodzi, sanatchulidwe. Ndipo Memphis yeniyeniyo inali ndi chipsera chake. Mu 2009 inatenga Hasheem Thabeet wa ku Dar es Salaam pa nambala 2, mnyamata wa mamita 2.21 amene ankatchinga mipira ku UConn ngati akuthamangitsa ntchentche. Pambuyo pake pa draft yomweyo panatuluka James Harden ndi Curry. Thabeet chaka choyamba chisanathe anatsitsidwa ku ligi yaing'ono, ndipo sanakhazikike kulikonse.

Ine ndinkaona kuti kumufanizira Edey ndi anthu amenewa n'kulakwitsa, ndipo maganizo amenewo sindinasinthe. Garza ali ndi manja okoma koma alibe msinkhu woti n'kuopseza wobwera ku ring'i. Tshiebwe ndi wamfupi pa usenta, sapitirira mamita 2.06. Thabeet msinkhu anali nawo, koma mpira ukamufika m'manja timu inkagwira mtima. Edey ali ndi msinkhu wa Thabeet ndi manja a Garza, kuwonjezapo chinthu chimene manambala a zaka zinayi aja akuchitira umboni: chaka chilichonse ankabwera atakonza chimene chinamuvuta chaka chatha. Munthu amene wayamba masewera ali ndi zaka 15 akakhala ndi 22 sanafike pomalizira, zaka zake za m'bwalo ndi 7 zokha.

Memphis inalinso ndi njala yake. Inali itamutumiza Steven Adams ku Houston mu February 2024, ndipo inkasowa munthu woika sikirini yolimba kuti Ja Morant adutse, wotola maribaundi, ndi woyamba kukankhana ndi masenta olemera kuti Jaren Jackson Jr., amene amatchinga bwino koma maribaundi si mbali yake, aziyendayenda momasuka. Pa draft nambala imene munthu watengedwa imanena za iye, komanso imanena za dzenje limene timuyo ikufuna kukwirira.

Chaka chake choyamba chinaonetsa mbali zonse ziwiri. Masewera oyamba enieni, ndi Utah mu October 2024, anatuluka ndi mafaulo 6, omwe ndi malire a ku NBA, atangosewera mphindi pafupifupi 15. Vuto lakale lija linabwerera pa liwiro latsopano. Pasanathe milungu iwiri anagoletsa 25 ndi kutola maribaundi 12 ku Brooklyn, ataphonya kamodzi kokha pa maulendo 12. Kenako anabinya kakolo n'kukhala panja milungu ingapo. Nyengo yonse anamaliza ndi mapointi 9.2 ndi maribaundi 8.3 pa masewera, anayesa za mapointi atatu zopitirira 50 n'kulowetsa pafupifupi imodzi mwa zitatu zilizonse, ndipo anasankhidwa m'gulu loyamba la osewera atsopano abwino. Kumapeto kwa nyengo, Taylor Jenkins atachotsedwa ntchito n'kulowa Tuomas Iisalo, mphindi zake zinakwera ndipo anatolapo maribaundi 21 pa masewera amodzi ndi Detroit. Mu playoffs Oklahoma City inawasesa 4-0, koma pamenepo sindingamuloze chala iye yekha, timu yonse inamira.

Ndiye tsogolo ndikuliona chonchi. Amene akudikira Edey wa mapointi 25 ku NBA adikira mpaka kale. Amene ankati sakatha zaka ziwiri analakwitsa kale. Pakati pamenepo pali ntchito yabwino ya zaka 10 kapena kuposa: senta woyamba m'timu, wa mphindi 25 mpaka 30, wa maribaundi opitirira 10, amene timu yaing'ono ikamuikira wamfupi amailanga pansi pa ring'i mpaka isinthe maganizo. Njira yake ilipo kale, ena anaidutsa. Brook Lopez ndi wolemera, sathamanga, amasewera drop yomweyo, koma anaphunzira kuima pamalo oyenera ndi kuponya patali atakula kale, ndipo mu 2021 anatenga chikho ndi Milwaukee. Ivica Zubac saponya n'komwe za patali koma anakhala senta wodalirika wa Clippers zaka zambiri. Boban Marjanović, wofanana naye msinkhu, ndiye chitsanzo cha mbali inayo: akalowa amagoletsa mosavuta, koma makochi sankamukhulupirira kupitirira mphindi zochepa chifukwa cha pick-and-roll ija. Kusiyana kwa Lopez ndi Marjanović ndi masitepe awiri a m'mbali, ndipo Edey ali pafupi ndi Lopez kuposa mmene ambiri ankaganizira mu 2023.

Chimene chimandidetsa nkhawa si Curry kapena Lillard. Ndi kakolo. Mu June 2025 Edey anachitidwa opaleshoni pa kakolo wakumanzere, yemwe anali atamuvutitsa kangapo, ndipo anaphonya chiyambi cha nyengo yotsatira. Kwa munthu wa mamita 1.90 nkhani yotere timangoti apola. Kwa wa mamita 2.24 timakumbuka Yao Ming, amene luso lake palibe ankalikayikira, koma mafupa a phazi ndi kakolo anamusiyitsa masewera mu 2011 ali ndi zaka 30 zokha. Mafupa a phazi la chimphona si aakulu molingana ndi katundu amene amanyamula, ndipo masewera 82 pa thabwa louma, ena mausiku awiri otsatizana, sapereka mpata wopuma. Ndalama nazonso zagona pomwepo. Kontrakiti ya wotengedwa m'chigawo choyamba imatsimikizika zaka ziwiri, zina ziwiri timu ndiyo imasankha, ndipo ya Edey inayambira pa madola opitirira 5 miliyoni pa chaka. Chuma chenicheni chili pa kontrakiti yachiwiri, imene amakambirana munthu akatha zaka zitatu, ndipo pa tebulo limenelo madokotala amalankhula mokweza kuposa makochi.

Choncho mukadzadzukanso usiku kuonera Memphis, achimwene, mapointi ake muwaone pomaliza. Muyambe mwaona ngati wavala yunifolomu kapena wakhala pambali ndi zovala za kunyumba. Akalowa, muwerenge mafaulo amene ali nawo pofika nthawi yopuma. Kenako mudikire mphindi zisanu zomaliza, zigoli zitayandikana, adani atayamba kuitana senta wawo kuti abwere kunja adzaike sikirini, muone ngati kochi wamusiya m'bwalo kapena wayang'ana ku benchi.